Mabatani a ba Soja

Batani loyamba linali la mkuwa, lolemera kuposa mmene limaonekera. Pamwamba pake panali chisoti cha mfumu ya azungu, koma chitafufutika ndi zala, ndipo kumbuyo kunali kamphete kopisamo ulusi. Ukaliyandikiza kumphuno limanunkha fodya ndi utsi wa makala. Ndinalilandira ndili ndi zaka ngati khumi, m'nyengo yozizira, ndipo linali malipiro anga a kunyoza munthu wamkulu.

Chaka chimenecho bambo anali atamwalira kumudzi kwathu kufupi ndi Katete. Amalume, amene ankagwira ntchito kunjanji, anatiitana ine ndi amayi kuti tidzakhale nawo ku Kafue, m'kanyumba ka zipinda ziwiri ku Nangongwe. Amayi ankadzuka m'mamawa kukakwera minibasi ya ku Shimabala, kukaoda repu ndi matimati zogulitsa kumsika, ndipo ankabwera dzuwa litalowa kuseri kwa mapiri. Amalume akakhala kuti sali kuntchito ndiye kuti ali mtulo. Ine ndikaweruka kusukulu ndinkapeza loko pachitseko, kiyi pansi pa njerwa, ndi mbatata yozizira m'mbale yovundikira.

Kusukulu ndinalibe mnzanga. Ndikatsegula pakamwa ana ankaseka kalankhulidwe kanga ka kumudzi, n'kumabwereza mawu anga mokoka ngati akuitana ng'ombe. Ndinaona kuti kukhala chete n'kotchipa. Panali masiku amene ndinkachoka panyumba m'mawa n'kubwerera masana osalankhula ndi munthu, kupatula kuyankha dzina langa aphunzitsi akaitana. Ndinasungulumwa kwambiri, ndipo pa msinkhu umenewo sindinkadziwa n'komwe kuti vutolo lili ndi dzina.

Kuseri kwa mpanda wathu wa nkhadze kunali kachipinda kamodzi ka njerwa zosaotcha, kumbuyo kwa nyumba ya eni ake. Mmenemo munkakhala nkhalamba ina imene aliyense ankangoitcha ba Soja. Anali Mbemba wochokera kumpoto. Ali mnyamata anatengedwa kupita ku nkhondo yaikulu ya azungu, kutsidya kwa nyanja, kudziko lotchedwa Bama, ndipo anabwerako mwendo wamanzere uli wouma, wosapinda. Ku Kafue anadzagwira ulonda mpaka ukalamba. Analibe mkazi, analibe mwana, ndipo sindinaonepo mlendo atakhala pakhomo pawo. Tsiku lonse ankakhala pa kreti yotembenuza, mbaula pakati pa mapazi, atavala jasi lalitali lankhondo la mabatani onyezimira.

Tsiku lina ndikusolola kiyi pansi pa njerwa ndinamva mawu akuthwa kuchokera pampata wa mpanda.

"Iwe ka mudya mbeba! Mwabwela kusiliza mbeba za mu Kafue, ai?"

Ndinalowa m'nyumba n'kukhoma. Ndinalira mpaka mutu kuwawa. Ana kusukulu ankandiseka, tsopano ndi nkhalamba yomwe. Madzulo nditawauza amayi, anaika pansi dengu lawo n'kuseka, kuseka kogwira nthiti, koyamba chimwalirire bambo.

"Ameneyo ndi mbuya wako," anatero. "Mawa ukamuyankhe. Ukakhala chete ndiye wamunyoza zenizeni."

Anandifotokozera za chimbuya. Makolo athu a kum'mawa ndi makolo a Abemba anamenyana kalekale mpaka onse kutopa, ndiye anaika mikondo pansi, nkhondo n'kutsala pakamwa pokha. Iwo amatinena kuti timadya mbewa, ife timawanena kuti amadya anyani. Mwana akhoza kunyoza nkhalamba, wosauka akhoza kunyoza bwana, ndipo palibe mlandu. Ndinamvetsera, koma mumtima ndinkati akuluakulu nawonso ali ndi masewera opusa.

Mawa lake ndinaima pampatapo. Ndinanena mawu amene amayi anandiphunzitsa, koma anatuluka ngati kulira kwa udzudzu.

"Shani? Kweza mau! Mbeba yakukakamila pa mukosi?"

Ndinatseka maso n'kukuwa kuti iwo ndi amene anatha anyani onse a m'mapiri a Kafue. Ba Soja anaseka mpaka kutsokomola, misozi ikuyenda m'makwinya. Anatulutsa lezala m'thumba, n'kudula batani lam'munsi pa jasi lawo.

"Tenga malipilo yako. Mailo ubwele na ina, iyi yasila."

Umo ndi mmene ntchito yanga inayambira. M'kalasi, anzanga akulemba masamu, ine ndinkakhala ndikusula mawu onyoza. Ndikaweruka ndinkathamanga, kudutsa azimayi ogulitsa nsomba zouma, kulumpha ngalande, osayang'ana kumbali. Ba Soja sankalipira chilichonse. Mawu akakhala ozizira ankangopukusa mutu n'kunena kuti, "Iyo ni ya bana ba nursery, kaganize futi." Koma akakhala otentha, lezala linkatuluka. Tsiku limene ndinawauza kuti azungu anawatengera ku Bama chifukwa anamva kuti anyani akumeneko achuluka ndipo akufuna katswiri, anandipatsa chitsulo cha lamba. Iwonso ankabweza, ndipo sankaphonya.

"Ba malume bako pamene banaona sitima first time, banagwada pansi kuipasa moni. Manje ndiye bamene bayendesa njanji. Ziko yaonongeka!"

Ndinkasunga zinthuzo m'chitini cha mkaka pansi pa bedi. Munalowa mabatani aakulu ndi aang'ono, kabaji ka pachipewa, supuni yopindika, ndi botolo lachitsulo la madzi limene silinakwane m'chitinimo. Mamendulo anati anasinthanitsa ndi chakudya kalekale. Masana ndikakhala ndekha ndinkazitsanulira pamphasa, kuzipukuta ndi phulusa, n'kuziika m'mizere. Ndinkadziona wolemera, komanso ndinkamva kuti pali munthu mmodzi m'tauni monse amene akudikira kuti ndiweruke.

Lero ndine telala pamsika wa Kafue, ndipo ndimadziwa chimene jasi lopanda mabatani limatanthauza mu Juni, mphepo ikamachokera kumtsinje. Panthawiyo sindinaganizeko. Ndinangoona kuti jasi layamba kuyasama, ndipo ba Soja alimanga m'chiuno ndi chingwe cha tayala. Ndinawanyoza nachonso chingwecho, iwo n'kundilipira.

Aphunzitsi anga anatulukira nkhaniyi tsiku limene mabatani analira m'thumba la yunifomu. Ndinkayembekezera ndodo. Koma iwo anatenga limodzi, kulitembenuza padzuwa la pawindo, n'kuuza kalasi yonse kuti anthu amene anavala zimenezi anawoloka nyanja kukamenya nkhondo imene sanaiyambe, ndipo otsala amoyo ndi ochepa. Ana onse anatembenuka kundiyang'ana, ulendo uno osaseka.

"Ukawafunse dzina lawo lonse ndi mudzi wawo," anatero aphunzitsi. "Anthu otere amapita ndi zonse."

Ndinakafunsa. Ba Soja anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Kapolo afunsa zina ya bwana wake? Choka apa!"

Ndinaseka, iwonso anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Aphunzitsi anakumbutsa kamodzi, kenako mayeso anayandikira.

Kuseka kumeneko kwandidyera zaka zambiri. Nditakula, ana anga atapita ku Lusaka ndi ku Kitwe, ndinayamba kufunafuna moyo wa munthu ameneyu. Ndinapita kunyumba yosungira zikalata zakale, ndipo mtsikana wa pamenepo anandilandira mwaulemu n'kufunsa dzina, nambala ya usilikali, kapena mudzi. Ine ndinali ndi chitini. Ndinakwerapo basi mpaka ku Kasama, n'kumafunsa nkhalamba ngati zikukumbuka mnyamata amene anabwerako ku nkhondo akutsimphina n'kupita kumwera osabwereranso. Aliyense anali ndi wake wotero. Amalume ankalidziwa dzinalo, chifukwa ndiwo anakalemba kuboma, koma anamwalira ndisanaganize zofunsa. Amayi anati sanalimvepo. Kachitsulo kolembedwa dzina ka pamanda awo anakazula anyamata otola zitsulo zogulitsa.

Ndiye ndimangotola. Bero la salaula, zovala zakale zochokera kunja, likatsegulidwa anyamata amandiitana akaona jasi kapena lamba wachisilikali, ndipo amandiseka kuti ba mayo aba afuna kuyambitsa nkhondo. Kunyumba ndili ndi madirowa odzaza mabaji, mabatani, zipewa ziwiri, ndi mabuku onena za nkhondo ya ku Bama amene ndimawerenga pang'onopang'ono ndi magalasi. Ndikudziwa za mvula yakumeneko, za misundu, za malungo, za sitima zapamadzi zimene zinawanyamula. Za ba Soja eni ake ndikudziwa chinthu chimodzi chokha, ndipo ndinachimva mwangozi.

Kunali kumapeto kwa Julayi, mapiri akuda ndi lupsa, phulusa la udzu likugwera pa zovala zoyanika. Ndinali nditaonapo chipsera chawo tsiku lina akukanda mwendo. Chinali kumbuyo kwa ntchafu, cholowa m'kati, choti chibakera cha mwana n'kukwanamo. Ndinasunga zimenezo masiku angapo, ndikudziwa kuti ndapeza mawu otentha kuposa onse.

"Ba Soja, chipolopolo chinakulasani kumbuyo. Munali kuthawa, eti?"

Sanaseke. Anatenga kamtengo n'kuyamba kutakasa makala m'mbaula. Ndinamva sitima ikulira kusiteshoni, kenako galu wa eni nyumba akukoka tcheni. Ndinkafuna nthaka inditsegukire.

"Sinenze kuthaba," anatero. "Nenze nanyamula muntu."

Analankhula akuyang'ana makala. Munthuyo anali Mngoni wa cha ku Chipata. Anakumana m'sitima yapamadzi, onse akusanza, ndipo ananyozana kuyambira pamenepo mpaka m'nkhalango za ku Bama. Tsiku lina mnzawoyo analasidwa pamimba. Ba Soja anamubereka kumsana n'kumabwerera naye kumene kunali adokotala, ndipo ali m'njira chidutswa cha bomba chinawapeza kumbuyo. Mnzawoyo sanafike madzulo. Anamukumbira dzenje losaya m'matope, mzungu n'kuwerenga mawu pang'ono m'buku, aliyense ali duu.

"Ine nenze gone pa machila. Ninaona ati uyu muntu ayenda monga alibe bake. So ninakuwa, nati, 'Iwe chipuba, wabwela kufela kutali so, wenze uganiza kuno kuli mbeba zikulu?' Banzake banaseka. Baseka, balila. Ndiye anayenda monga muntu."

Anatakasanso makala.

"Manje ine, azaniseka ndani? Bazanitaya chabe monga galu wa mu road."

Kenako anadula batani la pakhosi, limene linali lomaliza kutsogolo kwa jasi, n'kundiponyera. Anati ndanyoza bwino. Ndinalitola, koma tsiku limenelo sindinathamange nalo.

Madzulo ndinawauza amayi zonse akusankha repu wotsala. Mawa lake anandipatsa mbale ya nshima ndi nyemba kuti ndikapereke kuseri kwa mpanda, n'kunena kuti ndikawauze kuti pepani, nyani wasowa kumsika. Kuyambira pamenepo mbaleyo inkapita tsiku lililonse.

Koma ine lilime linali litalemera. Chisoni chinandilowa, ndipo ndinayamba kuwaona monga mmene analili: nkhalamba yoonda, ya zala zonjenjemera, yokhala m'chipinda chonunkha chinyezi. Ndinayamba kugwada popereka mbale, kuwapatsa moni waulemu ngati wa kumudzi. Zinawakwiyitsa.

"Nafa kudala ine kuti uzinigwadila? Ima! Kamba vako!"

Ndinkayesa, koma mawu ankatuluka ozizira. Iwo ankandiyang'ana mokhumudwa n'kutembenukira kumbaula. Ndinkaganiza kuti ndikuwachitira ulemu. Tsopano ndikuona kuti anthu owamvera chisoni anali nawo kale, odutsa pamsewu, ndipo chisoni chawocho sichinawabweretsepo pakhomo.

Mphepo ya Ogasiti itayamba, fumbi likulowa mpaka m'mano, ndinaweruka tsiku lina n'kupeza kreti ili yokha, mbaula yozizira. Mayi wa eni nyumba anandiuza kuti chifuwa chinawakulira ba Soja, ndipo amalume awatengera kuchipatala pa wilibala. Ndinakhala pa kretiyo mpaka amayi kubwera. Masiku otsatira ndinkachokera kusukulu pang'onopang'ono, chifukwa kunalibe chothamangira. Sabata isanathe ba Soja anamwalira.

Eni nyumba ananeneratu kuti maliro si awo, munthuyo anali wa lendi chabe. Amalume anakapereka uthenga ku wailesi, woitana abale akumpoto. Tinadikira. Amayi ankasiya msika msanga n'kumayang'ana aliyense wotsika basi ndi chikwama. Sikunabwere munthu. Abemba analipo ambiri mu Kafue, koma nkhalamba yosapita kutchalitchi, yosapita kumowa, yopanda mwana wokwatitsa, ngakhale a mtundu wake amaiwala kuti ilipo. Akuchipatala anati thupi likakhalitsa adzaliika okha pamodzi ndi ena osadziwika.

"Mbuya satayidwa," anatero amalume.

Anasonkhanitsa anzawo a kunjanji, onse a kwathu kum'mawa. Wina anabweretsa matabwa, wina misomali, wina anapempha lole. Kumanda tinapita anthu ochepa, oti n'kukwana m'lole imodzi ndi bokosi lomwe. Kunali masana, dzuwa lotuwa, mphepo ikuulutsa mapepala pakati pa mitumbira.

Bokosi litatsitsidwa, ndinaona amayi akutuluka kuseri kwa lole atavala jasi la ba Soja, lomanga ndi chingwe chomwe chija. Ankakoka mwendo wamanzere ndendende ngati iwo. Anafika pamphepete pa dzenje, kumenya sawatcha, n'kuyamba kukuwa. Anati anyani a m'mapiri lero apha mbuzi kukondwerera. Anati munthuyu anawoloka nyanja, azungu n'kumulephera, koma wagonja ndi nyemba za ku Katete. Amuna a kunjanji anaseka atatsamira mafosholo, azimayi akuwombera m'manja, wina akupukuta m'maso ndi chitenje.

Ine ndinapsa mtima kwambiri. Amayi anga enieni, kuseka munthu wakufa, kuseka mwendo umene ndinawauza ndekha mmene unapwetekera! Amalume anandigunda ndi chigongono kuti nanenso ndinene kanthu, poti ndine ndinali katswiri. Ndinangoyang'ana bokosi la matabwa osapala, ndikumva kuti munthu yekhayo amene ankandidikira wapita.

Kenako bambo wina wachikulire amene ankatsogolera mwambo anakweza dzanja, phokoso n'kutha. Inali nthawi yoti achibale aponye dothi loyamba.

"Abale a malemu, senderani."

Palibe anasuntha. Mphepo inkangokupiza jasi pa thupi la amayi. Bamboyo anayang'ana uku ndi uku, n'kuitananso, mawu atatsika. Anthu anayamba kuyang'ana pansi.

Amayi anamasula mfundo ya pachitenje chawo. Munali ufa, wodzaza manja awiri, ndipo zinali zaka zija zoimira ufa pamzere kuyambira m'mawa. Anadutsa anthu onse n'kubwera kwa ine. Anandigwira pakhosi la diresi n'kundithira ufawo kumutu, kundipaka kumaso, m'makutu, m'khosi.

"Nayu!" anakuwa. "Nayu mwana wawo! Kam'bemba aka, kakubisala pakati pa anthu! Tiye, kaike atate ako!"

Anthu anaseka kwambiri kuposa poyamba. Azimayi anandizungulira, aliyense kutapa ufa wogwera pamapewa anga n'kundipakanso, akunditcha mwana wa nyani. Anandikankhira kutsogolo. Bambo uja anandiikira dothi m'manja, ndipo ndinaliponya osaona bwino, maso ali odzaza ufa ndi misozi. Linagunda bokosi, kenako mafosholo anayamba. Pomaliza anandipatsanso nthambi ya maluwa ofiira imene wina anathyola pampanda, kuti ndiike ndine pamtumbira.

Sindinakwere lole pobwerera. Ndinayenda ndekha mpaka ku Nangongwe, woyera mbuu, ana akundiloza m'njira, ena a m'kalasi mwanga. Ndinakagwada pampopi n'kudzikhula mpaka makutu kutentha, ufa ukusanduka phala m'tsitsi. Amayi atafika anafuna kundithandiza kutsuka, ndinawakankha dzanja. Masiku angapo sindinawalankhule.

Ndinkadziwa kuti pamaliro mbuya amanyoza. Chimene sindinkadziwa n'chakuti ufawo sapaka mnansi, sapaka mnzake wa malemu, ndipo mbuya sapaka mbuya mnzake. Amapaka mwini maliro, kuti aliyense aone kuti womwalirayo wasiya munthu. Amayi anayang'ana onse oimirira padzenje paja n'kupeza kuti palibe woti apakidwe, ndipo iwo anali ndi mwana mmodzi yekha. Ine pampopi paja ndinkangolira kuti amayi andikana pamaso pa anthu, n'kundipereka kwa Abemba.